Za Chuku cha m'Mtedza, ndi Lamulo la Ogula a Kunja

Inu eni mabanja a ku Ntaja, ndi a m'midzi yonse ya Machinga ndi Balaka, mverani mau awa pa za mtedza wanu. Kale dziko lino linatumiza mtedza wambiri ku Ulaya, makamaka wa Chalimbana, umene ADMARC inali kugula m'zaka za 1970. Malonda aja anagwa pofika kumapeto kwa zaka za 1980, ndipo chimodzi cha zotchinga njira yache kufikira lero ndicho chuku.

Chuku ndi nkhungu yomera m'mtedza ndi m'chimanga, nibala ululu wochedwa aflatoxin. Anthu anauzindikira m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Ululu umenewu uononga chiwindi, ubala nthenda ya khansa, nupinimbiritsa ana. Ku Kenya m'chaka cha 2004 anthu 125 anamwalira ndi chimanga chachuku. Ndipo musayese kuti moto uupha: mungakazinge, mungaphike, ululu utsala momwemo.

Chifukwa chache maiko a European Union anaika malire m'chaka cha 1998, ndipo lamulo limene ligwira nchito tsopano ndilo analilemba m'chaka cha 2023, nambala yache 2023/915. Liti mtedza woti anthu adye usapitirire magawo 4 a ululu pa magawo 1,000,000,000, ndiko kunena magalamu 4 m'matani 1,000. Mtedza woti akausankhenso kumeneko aulola kufikira magawo 15. Muyeso wotere diso siliuona, lilime siliumva. Wamalonda wotumiza kunja ayenera kutapa pang'ono m'matumba ambiri, nakayezetsa kwa odziwa, monga a Malawi Bureau of Standards. Ndipo katundu akapezeka wopitirira, abwezedwa yense pamodzi. Njere zowola zowerengeka zikhoza kugwetsa mtedza wa mudzi wathunthu, wa waulesi ndi wa wakhama womwe.

Tsono wamalondayo sangathe kuchotsa ululu umene unalowa kale. Lamulo lalembedwa kutali, koma osunga lamulolo ndinu, m'munda ndi pabwalo.

Kuno kwathu kutentha, ndipo mvula kawirikawiri ithawa mtedza usanakhwime. Nthaka ikauma ndi kutentha, makoko ang'ambika, chiswe chiboola, ndi nkhungu ilowa mtedza uli chikhalire pansi. Potero bzalani ndi mvula yoyamba, nimutseke mizere ndi timigula kuti madzi akhale m'munda. Kumbani pa nyengo yache, pamene m'kati mwa khoko mwayamba kuda, ndipo samalani khasu lingateme makoko. Poumitsa musayanike pa dothi. Unjikani masangwi mozungulira, makoko aloze m'kati, pakati pasiyidwe mpata wa mphepo. Mukathothola, yanikani pa mphasa kufikira njere ichita phokoso poigwedeza m'khoko. Sungani wosasenda, m'matumba opita mphepo, pa mitengo yosakhudza pansi kapena khoma.

Pali mkhalidwe umodzi umene tiutsutsa ndithu, ndiwo kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, kapena kuti thumba lilemere pa sikelo. Zala zipumuladi, sitikana. Koma mtedza wonyowa wotsekeredwa m'thumba ndiwo munda wa chuku, ndipo masiku owerengeka akwanira kuononga zimene munazisunga bwino chaka chonse. Mwini nyumba aletse ichi pakhomo pache, angakhale anansi onse achita.

Chotsala ndicho kusankha. Tsanulirani pa lichero, nimuchotse njere zonse zofwapa, zosweka, zoboola, zosandulika maonekedwe, ndi zomera. Pano mpamene ambiri alakwa: mtedza wabwino apita nao ku msika wa Ntaja, koma wotsalawo ausinja nsinjiro za m'ndiwo ndi za phala la mwana. Potero ululu umene wogula wa ku Ulaya waukana ulowa m'mbale ya khanda. Musaupatsenso mbuzi kapena ng'ombe zokamidwa, pakuti ululu utsikira mu mkaka. Mtedza wotere ukwirireni m'dzenje lakuya, kutali ndi nkhuku, kapena muutenthe.