Kupanga mapulogalamu a kompyuta m'magawo kumateteza ndalama za boma

Mchinji, Mana: Nthambi ya boma ikafuna pulogalamu ya kompyuta yothandiza pa ntchito zake, imakhala ndi njira ziwiri zoti isankhepo: kudikira kwa zaka kuti akatswiri amalize pulogalamu yonse n'kudzaipereka kamodzi, kapena kuilandira m'magawo ang'onoang'ono omwe amayamba kugwira ntchito pamene ena akupangidwabe.

Zomwe zachitika m'dziko muno kuyambira m'chaka cha 2001 zikuonetsa kuti njira yachiwiriyi ndi yomwe imapindulira kwambiri madera akumidzi ngati la Mfumu Yaikulu Dambe m'boma la Mchinji, komwe midzi yambiri ilibe magetsi ndipo netiweki siipezeka mofanana paliponse.

Pa njira yoyamba ija, akuluakulu a unduna amalemba zonse zomwe akufuna m'chikalata chimodzi chachikulu, kampani n'kupatsidwa kontirakiti, ndipo ogwira ntchito amadzaiona pulogalamuyo pa tsiku loikhazikitsa.

Vuto lake ndi lakuti zolakwika zimadziwika mochedwa, ndalama zambiri zitalipidwa kale. Nthawi zina pofika tsikulo malamulo kapena mafomu omwe pulogalamuyo inatsatira amakhala atasintha.

Dziko la Britain linakumana ndi zoterezi. Mu 2002 boma la dzikolo linayamba ntchito yaikulu yoika mbiri ya odwala m'zipatala za ku England pa makina a kompyuta, koma mu 2011 linalengeza kuti likuithetsa. Aphungu a nyumba ya malamulo ya dzikolo anapeza mu 2013 kuti mtengo wa ntchitoyo unali pafupifupi mapaundi 10 biliyoni.

Pa njira ya magawo, akatswiri amasankha ntchito imodzi yofunika kwambiri, n'kuipangira pulogalamu yaing'ono m'masabata ochepa. Gawolo limaperekedwa kwa anthu enieni omwe adzaligwiritse ntchito, ndipo zomwe anthuwo anena ndi zomwe zimatsogolera gawo lotsatira.

Ganizoli linatchuka kwambiri kuyambira mu February 2001 pamene akatswiri 17 anakumana ku Snowbird m'dera la Utah ku America n'kugwirizana mfundo za njira yomwe imadziwika kuti Agile. Mwa zina, iwo anagwirizana kuti chizindikiro chachikulu chosonyeza kuti ntchito ikuyenda ndi pulogalamu yomwe ikugwira ntchito, osati kuchuluka kwa malipoti.

M'chaka chomwecho cha 2001, bungwe la Baobab Health, lomwe anayambitsa a Gerry Douglas, linaika makina ake oyamba ku gawo la ana pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe tsopano chimatchedwa Kamuzu Central.

Bungweli silinayambe ndi ntchito zonse za chipatala. Maziko ake anali kalembera wa odwala: wodwala aliyense ankapatsidwa nambala yakeyake yomwe inkasindikizidwa pa kapepala ka timizeremizere n'kumatidwa pa kabuku kake ka kuchipatala.

Poona kuti ogwira ntchito ambiri anali asanagwirepo kompyuta, akatswiriwo anasankha makina ongodina ndi chala pagalasi. Poonanso kuti magetsi ankathimathima, anasankha makina osadya mphamvu zambiri omwe ankatha kuyendera mabatire.

Kalembera atakhazikika, magawo ena anayamba kuwonjezeredwa pa maziko omwewo. Boma litayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV mwaulere mu 2004, chiwerengero cha odwala chinakwera kwambiri moti kuwerengera malipoti a miyezi itatu iliyonse kuchokera m'makadi ndi m'mabuku kunkatenga masiku angapo pa zipatala zikuluzikulu.

Izi zinachititsa kuti pulogalamu yoona za ma ARV iyambe kuyesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth Central mumzinda wa Blantyre mu 2006, kenako pa zipatala za maboma a Dedza ndi Salima mu 2007, isanafalikire m'zipatala zina. Pambuyo pake panabweranso gawo loona za matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Bungwe lomweli linatsata njira yomweyi pa kaundula wa m'midzi. Mu 2013 linayesa kaundula wa pa kompyuta woyendera mphamvu ya dzuwa m'mudzi umodzi wokha wa Chalasa kwa Mfumu Yaikulu Mtema m'boma la Lilongwe, ndipo zitatheka, ntchitoyo inafika m'midzi 83 ya deralo.

Pali kusiyana pakati pa kupanga pulogalamu m'magawo ndi kufalitsa ntchito m'magawo, ngakhale kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Koyamba kumawonjezera zomwe pulogalamu ingathe kuchita, pamene kwachiwiri kumawonjezera madera omwe ntchito yafika.

Anthu a ku Mchinji amakudziwa bwino kufalitsa ntchito m'magawo. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayesedwa koyamba m'bomali mu 2006 ndipo inafika m'maboma onse 28 mu 2018. Nako kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017, yemwe analemba anthu oposa 9 miliyoni, anachitika m'magawo asanu ndipo Mchinji inali m'gawo loyamba.

Pofuna kumvetsa momwe pulogalamu ingapangidwire m'magawo, chitsanzo chongoyerekeza chingakhale cha khonsolo yomwe ikufuna kutolera msonkho wa pamsika wa Kapiri, m'dera la Dambe, pogwiritsa ntchito makina.

Gawo loyamba lingakhale kulemba maina a ochita malonda ndi kusindikiza lisiti basi. M'masabata oyambirira omwewo zingadziwike ngati makinawo amatha tsiku lonse osafuna kutchaja, ngati zolemba zake zimaoneka padzuwa, komanso ngati wotolera msonkho angathe kuthandiza anthu mwachangu pa tsiku la msika.

Pomwepo pangatulukirenso mafunso omwe mkulu wokhala mu ofesi ku Capital Hill sangawaganizire msanga. Kodi ochita malonda awiri a dzina limodzi asiyanitsidwa bwanji? Nanga wamalonda wochokera ku Zambia, yemwe alibe chiphaso cha unzika cha dziko lino, alembedwa motani?

Mafunsowa akayankhidwa, gawo lachiwiri lingakhale kutumiza kuchuluka kwa ndalama zotoleredwa tsiku lililonse ku likulu la khonsolo pa boma, makinawo akumasunga zolemba pamene netiweki yasowa n'kuzitumiza ikabwera.

Gawo lachitatu lingalole anthu kulipira kudzera pa foni, monga pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo lachinayi lingatulutse malipoti a owerengera ndalama za boma. Apa m'pamene pulogalamuyo ingapite ku misika ina ya m'bomalo.

Ubwino wake ndi wakuti ngakhale ndalama zitatha gawo lachiwiri litangomalizidwa, khonsolo imatsala ndi chida chomwe chikugwira ntchito. Pa njira yodikira zonse, ntchito ikaima pakati ofesi imatsala ndi mapepala okha.

Komabe njira ya magawo ili ndi zofunika kusamala, ndipo choyamba ndi maziko. Monga momwe womanga nyumba chipinda chimodzichimodzi amayambira wadziwa komwe khomo ndi denga zidzakhale, kasungidwe ka zolemba ndi nambala yozindikiritsa munthu ziyenera kuganiziridwa pachiyambi kuti magawo obwera pambuyo adzalumikizane.

Chachiwiri ndi chitetezo, chomwe sichiyenera kusiyidwa kuti chidzakhale gawo lomaliza. Pa nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma yomwe inaululika mu 2013, yodziwika kuti Cashgate, kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly anapeza kuti anthu ena ankalowetsa malipiro m'makina a IFMIS kenako n'kufufuta zolembazo, ndipo pafupifupi K24 biliyoni inasowa m'miyezi isanu ndi umodzi.

Kotero ngakhale gawo laling'ono bwanji liyenera kusonyeza yemwe walowetsa, wasintha kapena wafufuta chilichonse. Lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la Data Protection Act la mu 2024 likulamulanso maofesi kusamala zomwe asunga zokhudza nzika.

Chachitatu ndi kupewa ntchito zoyesera zomwe sizitha. Gawo lililonse liyenera kukhala ndi tsiku lounikira, pomwe akuluakulu amagamula kuti lipitirire, likonzedwe kapena lisiyidwe.

Chachinayi ndi umwini. Pulogalamu imakhala nthawi yaitali kuposa mgwirizano wa thandizo. Mu 2019 ntchito yoyang'anira makina a ma ARV m'zipatala zambiri inachoka m'manja mwa Baobab Health Trust n'kupita ku bungwe la Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation. Kusintha kotere kukachitika, boma limatetezeka ngati lili ndi zolemba zonse za momwe pulogalamu inapangidwira komanso akatswiri akeake oidziwa.

Izi zikutanthauza kuti alembi a maunduna, mabwanamkubwa ndi makomiti ogula katundu ndi ntchito za boma ali ndi udindo waukulu polemba makontirakiti. Kontirakiti ingagawidwe kuti malipiro azituluka gawo likayesedwa n'kuvomerezedwa ndi ogwiritsa ntchito, ndipo iyenera kunena momveka kuti pulogalamuyo ndi zolemba zonse zosungidwamo ndi za boma.

Njirayi imafunanso nthawi ya ogwira ntchito m'boma. Pamayenera kusankhidwa mkulu mmodzi wodziwa bwino ntchitoyo, wokhala ndi mphamvu zogamula chomwe chiyambe ndi chomwe chidikire, yemwe azikumana ndi akatswiri pafupipafupi. Popanda munthu wotere, akatswiri amangopanga zomwe akuganiza okha.

Maphunziro a ogwira ntchito, kukonza makina akaonongeka ndi kugula mabatire atsopano ziyeneranso kuikidwa mu bajeti ya gawo lililonse, chifukwa gawo lomwe palibe wodziwa kuligwiritsa ntchito silinganenedwe kuti laperekedwa.

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Ofesi yomwe yapempha gawo laling'ono n'kuliyesa kwa mlangizi wa zaumoyo, mphunzitsi kapena wotolera msonkho wa kwa Dambe imadziwa m'masabata ochepa ngati ndalama za misonkho zikugula chinthu chothandiza, ndipo imakhala ndi mpata wosintha ndalama zambiri zisanatuluke.