Kodi mumadziwa? Masese a wisiki anayendetsapo galimoto ku Scotland

Kodi mumadziwa kuti pa zonse zotuluka m'fakitale yotcheza wisiki, mowa weniweniwo sukwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 10? Zinazo ndi masese a balele ndi madzi otsalira mumphika wotchezera. Alimi a ku Scotland akhala akudyetsa ng'ombe masesewo kuyambira kale, koma Pulofesa Martin Tangney wa pa Edinburgh Napier University anaonamo mafuta. Kafukufuku wake anabala kampani ya Celtic Renewables, ndipo mu 2017 galimoto wamba, injini yake osaikhudza, inayenda ndi petulo wosakaniza ndi biobutanol wochokera m'zotsalirazi.

Nanga mumadziwa kuti njirayi ndi yakale? Ogwira ntchito yeniyeni ndi mabakiteriya a mtundu wa Clostridium. Amadya shuga wa m'zotsalirazo m'thanki yotsekedwa bwino, chifukwa mpweya wathu wopumawu sagwirizana nawo, ndipo amatulutsa acetone, butanol ndi ethanol. Chaim Weizmann ndiye anatchukitsa njirayi ali pa University of Manchester, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene Britain inkasowa acetone wopangira onga. Poyamba mabakiteriyawo ankawadyetsa chimanga. Chitayamba kusowa, mu 1917 boma linatuma ana asukulu kukatola mbewu zakugwa za mitengo ya horse chestnut. Anawo anatola milumilu, koma acetone anatuluka wochepa ndipo zambiri zinangowola. Weizmann uja anadzakhala pulezidenti woyamba wa Israel.

Chovuta pa ntchito zoterezi chimabwera pokulitsa. Mayi wodziwa kuphika nsima ya anthu awiri angathe kuphika yosapsa pa ukwati, ndipo mabakiteriya ochita bwino m'kabotolo ka mu labotale nawonso amatha kufooka m'thanki yaikulu. Kampani yaing'ono ilibe ndalama zogulira matanki ongoyeserera. Celtic Renewables inachita kupita ku Ghent, ku Belgium, kukayesa njira yake pa makina okulirapo.

Apa ndi pamene pali phindu la bungwe la IBioIC, lomwe linakhazikitsidwa mu 2014 ndipo lili pa University of Strathclyde ku Glasgow. Limalumikiza makampani ndi ofufuza, limathandiza ndi ndalama za kafukufuku, ndipo ophunzira ake a digiri yachiwiri amakagwirako ntchito kumakampani asanamalize. Pa Heriot-Watt University lili ndi matanki omwe kampani ingayeseremo isanakongole ndalama zomangira fakitale. Kwa ine matankiwo ndi ofunika kuposa misonkhano yonse yosainirana mapangano.

Kampani ina, MiAlgae, imalima ndere pa madzi otsalira a wisiki. Nderezo zili ndi mafuta a omega-3, omwe amaikidwa m'chakudya cha nsomba ndi ziweto.

Ku Malawi kunonso zotsalira zimasanduka mafuta: ethanol wa molasesi wa nzimbe anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo amasakanizidwa ndi petulo.

Fakitale ya Celtic Renewables ili ku Grangemouth, ndipo imalandiranso mbatatesi zomwe ogula azikana. M'tauni yomweyo, fakitale yokhayo yoyenga mafuta apansi yomwe inatsala ku Scotland inasiya kuyenga mu 2025.