Nsima ya Ataliyana Inafika Bwanji pa Mbale za ku New York

M'tinyumba todyeramo tapafupi ndi msika wa Milange, kapena tsidya la mtsinje ku Muloza, ntchito ya masana ndi imodzi. Phala likayamba kubwata, mayi amatapa ufa ndi mbale, kuwaza, kuvundula ndi mthiko mpaka mkono kulema, kenako kuomola ndi chipande chonyowetsa m'madzi. Mukamufunsa kuti wathira ufa wochuluka bwanji, adzakuuzani kuti dzanja ndilo limadziwa.

Kumpoto kwa dziko la Italy kulinso chakudya chophikidwa momwemu, chotchedwa polenta. Ndi ufa wa chimanga, kawirikawiri chachikasu, madzi, mchere pang'ono ndi mthiko. Kwa zaka zambiri chinali chakudya cha alimi osauka, chimene munthu sakanachipeza m'nyumba yodyera ya olemera. Amene akuidziwa nsima angamvetse msanga ntchito ya Lidia Bastianich, mayi amene anathandiza kuti chakudya cha kumudzi chotere chidyedwe mwaulemu ku New York.

Lidia anabadwa mu 1947 mumzinda wa Pula, m'chigawo cha Istria, chaka chomwecho chimene derali linachoka m'manja mwa Italy n'kukhala la Yugoslavia. Anali mwana wa pamalire. Ubwana wake wambiri anaudyera kwa agogo ake aakazi, a Rosa, amene ankalima dimba ndi kuweta nkhuku, mbuzi ndi nkhumba. Mu 1956 banja lawo linathawira ku Trieste, ndipo linakhala zaka ziwiri mumsasa wa othawa kwawo wa San Sabba, lisanapite ku America mu 1958. Anthu a ku Milange amene anawolokera ku Mulanje nkhondo itakula mu 1986, n'kudzabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992, sasowa wowafotokozera za kuima pamzere ndi mbale m'manja, kudikira chakudya chimene sunasankhe wekha.

Mu 1971 iye ndi mwamuna wake Felice anatsegula kanyumba kodyera kotchedwa Buonavia ku Queens. Apa ndi pamene nzeru zake zimandigwira mtima. Sanayambe ndi zakudya za agogo ake ayi. Anayamba ndi zimene anthu a kumeneko ankazitcha za Chitaliyana: supageti wosambira m'tomato, nyama yambiri, tchizi chambiri. Analemba ntchito wophika wozidziwa, iye n'kumaphunzira pambali pake. Makasitomala atazolowera nyumbayo, anayamba kuwaikira polenta ndi risotto, mpunga wophikidwa mofewa m'msuzi, pang'onopang'ono. Mayi wogulitsa nsima amachita chimodzimodzi. Woyendetsa njinga yonyamula chimanga amamukopa ndi nkhuku yokazinga imene aliyense amaidziwa, koma pambali amaika kambale ka chigwada chotendera, ndipo mawa lake munthuyo amabwerera chifukwa cha chigwadacho. Pofika 1981 anatsegula Felidia pakati pa Manhattan, nyumba imene inakhala zaka 40 isanatsekedwe mu 2021. Anaphikiranso Papa Benedict XVI mu 2008 ndi Papa Francis mu 2015 pa maulendo awo a ku New York.

Nanga chakudya cha Chitaliyana cha ku America chimasiyana bwanji ndi cha ku Italy kwenikweniko? Nsima ndi imodzi, koma ya mgaiwa, ya ufa woyera wonyika ndi ya ufa wa m'sitolo wa ku Johannesburg sizikoma mofanana, ndipo ndiwo zimatsata zimene zili pamsika. Ataliyana amene anasamukira ku America, ambiri ochokera kumwera kwa dziko lawo, kwawo nyama ankaiona pa chikondwerero. Atafika kumene nyama inali yotchipa, anaiumba mibulu ikuluikulu n'kuiunjika pamwamba pa supageti, zimene kwawo sizinali mwambo. Ena amanyoza kaphikidwe kameneka kuti ndi kosokonekera. Lidia sanakanyoze. Analemba buku lonse, Lidia's Italian-American Kitchen, mu 2001, ndi lina, Lidia's Italy in America, mu 2011, polemekeza anthu amene anaphika zimene ankakumbukira ndi zimene anapeza. Ine ndili kumbali yake. Mayi amene anadyetsa ana ake kuchilendo ndi ufa wachilendo sanalakwire mwambo uliwonse.

Ntchito yovuta ya buku lophikira ili pa dzanja lodziwa lija. Wolemba ayenera kuima pambali pa mphika, kuyeza ufa umene dzanja latapa, kuwerenga mphindi, ndi kupeza mawu ofotokozera mmene nsima imaonekera ikapsa, ikamafufuma ndi kusiya m'mbali mwa mphika, kuti mdzukulu amene sanaonepo agogo ake akuphika athe kuiphika. Lidia anayamba ntchitoyi ndi La Cucina di Lidia mu 1990, ndipo kuyambira 1998 anaipititsa pa wailesi ya kanema.

Kuno kwathu zolembedwa n'zochepa poyerekeza ndi zimene zili m'miphika. Zambezia ili ndi nkhuku yake yowotcha yopakidwa mkaka wa kokonati, frango à zambeziana, yotchuka mpaka ku Maputo. Ili ndi mucapata wa ku Quelimane, wa mpunga, mphodza ndi kokonati. Kumtunda kuno, m'munsi mwa phiri la Tumbine ndi tsidya la Mulanje, kuli nandolo wamuwisi, makaka ndi kalongonda. Kalongonda ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kumuphika molakwika kumadwalitsa. Amafuna kuwiritsidwa nthawi yaitali, kusendedwa makoko, kutayidwa madzi n'kuikidwanso pamoto, ndipo wosapsa bwino amazunguza mutu ndi kusanzitsa. Amayi achilomwe odziwa nthawi yomutsitsa pamoto akukalamba, pamene ana awo ambiri ali ku Blantyre, ku Mocuba ndi ku Joni. Wina mwa anawo akuyenera kukhala tsiku lathunthu pambali pa mphikawo, ndi kope ndi cholembera, kulemba kuti madzi atayidwa kangati ndiponso nkhuni zapita zingati.