Kufuna ntchito ya m'sitolo ku Ulónguè: zimene ndinaona ndi maso anga

Amene mumamvera wailesi m'mawa mukudziwa kuti ife aulutsi timawerenga zidziwitso zambiri: za maliro, za ng'ombe zosochera, ndiponso za ntchito. Tikawerenga chidziwitso timaika pepala pambali, nkhani yatha. Koma tsiku lina nditawerenga kuti sitolo ina ya ku Ulónguè ikufuna anthu awiri ogulitsa malonda, madzulo ake ndinalandira foni kuchokera ku Dómuè. Anali mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene anamaliza kalasi 12 nangokhala pakhomo kuthandiza amake kulima mbatatesi. "Amalume, ntchito ija ndikuifuna," anatero. Choncho ndinayenda naye m'zonse, ndipo ndaona kuti ndikufotokozereni, pakuti ana otere ndi ambiri kuno ku Angónia ndi ku Tsangano.

Vuto loyamba linali mapepala. Anafuna kalata yopempha ntchito yolembedwa m'Chipwitikizi, mbiri yake ya sukulu, fotokope ya BI, satifiketi ya sukulu, zithunzi, nambala ya msonkho ija timati NUIT, ndi chikalata cha Registo Criminal chosonyeza kuti munthu sanapalamulepo mlandu. NUIT imaperekedwa ndi a Autoridade Tributária ndipo siyogula. Zinazo zimadya ndalama pang'onopang'ono: apa fotokope, apo chidindo, kuwonjezapo ya galimoto kupita ndi kubwera. Mlongo wanga anagulitsa thumba la mbatatesi ntchito isanaoneke n'komwe. Inu makolo, mwana akangomaliza sukulu muthandizeni kukonzeratu mapepalawa, chifukwa chidziwitso chimapereka masiku ochepa, ndipo amene BI yake inatha mphamvu amagwa mpikisano usanayambe.

Tsiku lokapereka mapepala tinapeza mzere wa anyamata ndi atsikana pakhonde. Pamenepo panafika bambo wina wovala bwino, nayamba kunong'oneza ana mmodzimmodzi kuti iye ndi mnzake wa mwini sitolo, ndipo amene ampatse "ya fanta" dzina lake likhala pamwamba. Mwana uja anandiyang'ana, ine ndinapukusa mutu. Ena anapereka. Pambuyo pake zinadziwika kuti m'sitolomo munalibe amene ankamudziwa bamboyo. Ntchito yeniyeni sagula, abale, ndipo mtsikana akauzidwa kuti akakumane ndi bwana usiku kumalo ogona alendo kuti "akambirane", adziwiretu kuti kumeneko kulibe ntchito.

Patapita sabata anamuitana kukafunsidwa mafunso. Usiku wonse anakhalira kuloweza mawu akuluakulu a Chipwitikizi, koma zimene anakapeza ndi zina. Mayi woyang'anira sitolo anamuimika pa kauntala namufunsa kuti: munthu wagula zinthu zitatu za 85 metikali chilichonse, wapereka 500, chenji chake ndi zingati? Popanda foni, popanda cholembera. Anayankha kuti 245, nakhoza. Kenaka anamufunsa chimene angachite munthu wochokera ku Dedza kapena ku Lizulu akatulutsa makwacha. Apa anayankha mwanzeru kuti mtengo wosinthira sakhala wa m'mutu mwake, adzayamba wafunsa abwana, poti umasintha kawirikawiri. Anamufunsanso ngati amadziwa kulandira ndalama pa M-Pesa ndi e-Mola, ndi kudikira uthenga wotsimikiza katundu asanatuluke.

Chimene chinandikondweretsa ine ndi ichi. Mafunso ali mkati munalowa agogo ena ofuna mchere ndi sopo, osadziwa Chipwitikizi ngakhale liwu limodzi. Mwana uja anawalonjera mwaulemu m'chinenero chathu, nalandira ndalama zawo ndi manja awiri. Woyang'anira uja anangoyang'ana osanena kanthu. Ana athu ambiri amachita manyazi ndi Chichewa akalowa m'tauni, amayesa n'chakumudzi, chonsecho ogula ambiri m'masitolo a m'malire muno ndi alimi obwera ndi ndalama za chimanga, nyemba ndi fodya. Wogulitsa amene amayankhula zinenero zonse ziwiri ndi chuma kwa mwini sitolo.

Anamutenga. Koma pamene iye ankadumpha ndi chimwemwe, ine ndinamukumbutsa kuti safunsa anadya phula. Lamulo la ntchito limene likugwira tsopano ndi Lei 13/2023, limene linalowa m'malo mwa lija la 2007. Nthawi yogwira ntchito mwa masiku onse ndi maola 8 patsiku, osapitirira 48 pasabata. Malipiro ochepetsetsa boma limawaika molingana ndi gawo la ntchito, choncho funsani a gawo la zamalonda m'chaka chimene mukulembedwacho. Palinso INSS: wantchito amadulidwa 3 pa 100 iliyonse ya malipiro ake, bwana nawonjezapo 4. Mabwana ena amadula ndalamayo koma osakapereka, ndipo munthu amadzazindikira atadwala kapena atakalamba. Nthawi yoyesedwa nayo ili ndi malire ake, siingakhale chaka chonse. Zikavuta, kodandaula ndi ku Inspecção Geral do Trabalho.

Funso lovuta kwambiri linali la shoti. Aliyense amene anagulitsapo m'sitolo akudziwa kuti powerengera katundu kumapeto kwa mwezi, chosowa amachifunsa kwa wogulitsa, ndipo alipo amene agwira mwezi wathunthu n'kubwerera kumudzi chimanjamanja. Ndinamuuza kuti asalandire makiyi kapena kabati ya ndalama asanawerengere limodzi katundu yense ndi kusainirana. Anachita mantha kuti amuona ngati wamwano n'kumubweza. Komabe analimba mtima, napempha. Mayi uja anaseka, natulutsa kope, ndipo anawerenga mpaka dzuwa kulowa.

Kontrakiti anasaina patsiku lachitatu, pepala limodzi anasunga yekha. Malipiro oyamba atatuluka anabweza ndalama ya thumba la mbatatesi lija kwa amake, ine anandigulira shuga paketi imodzi. Nditati andichotsereko mtengo wa sopo poti ndine malume wake, anakana.