Zitsime za Magetsi m'Misewu ya ku Norway

M'chaka cha 1989, woimba wa gulu la a-ha, Morten Harket, pamodzi ndi Frederic Hauge wa bungwe loteteza chilengedwe la Bellona, adabweretsa ku Norway kagalimoto ka Fiat Panda koyendera magetsi. Ndipo popeza ankakana kulipira pa zipata za pamsewu mumzinda wa Oslo, nanena kuti galimoto yosafuka utsi siyenera kulipitsidwa mofanana ndi yofuka, akuluakulu adawalanda kagalimotoko kangapo, koma nthawi zonse kankabwerera m'manja mwawo. Pofika 2024, mwa magalimoto 100 atsopano ogulidwa m'dzikomo, pafupifupi 89 adali amagetsi.

Ambiri pofotokoza chozizwitsa chimenechi amathamangira ku msonkho, ndipo salakwa, pakuti boma lidachotsa msonkho wolowetsera magalimotowa mu 1990, nilichotsanso wa VAT mu 2001, pokhala ndi chuma cha mafuta a pansi pa nyanja chotsekera dzenje lotsalalo. Koma ine ndiyesa kuti nzeru yaikulu idali pa funso lina, lakuti galimotoyo ikamva ludzu idzamwa kuti. Pakuti monga Isake adakumba zitsime m'chigwa cha Gerari kuti ziweto zake zikhale ndi moyo, chomwechonso dziko lofuna magalimoto amagetsi liyenera kuyamba lalingalira za pomwera pake.

Kutchaja kuli pawiri. Mwini galimoto wokhala ndi bwalo lakelake amalumikiza chingwe madzulo, monga tichitira ndi foni, nakagona, ndipo kukacha batire yadzaza; kumeneku sikusowa boma kwenikweni, makamaka m'dziko limene magetsi ake ochuluka amachokera ku madzi, monga athu achokera ku Shire. Kwinako ndiko kwa paulendo, kumene makina amphamvu amathira moto m'batire pa mphindi 20 kapena 30, koma amafuna thiransifoma ndi nthambo zikuluzikulu, zimene wamalonda sangazikokere kuphiri kodutsa magalimoto owerengeka.

Taganizirani banja lili pamsewu wa kumapiri usiku wa nyengo yachisanu, ana ali m'tulo kumbuyo, chipale chikuwomba pagalasi, ndipo kuzizira, kumene kumafooketsa batire, kwadya kale gawo la ulendo, nambala ya makilomita otsala ikutsika bambo akuona. Munthu amene adalawapo mantha otere, ngakhale mutamchotsera msonkho wonse, adzabwerera ku dizilo. Chifukwa chake mu 2015 bungwe la boma la Enova lidagawa misewu ikuluikulu m'zigawo, niliitana makampani kuti apikisane pa thandizo la ndalama, powalamula kuti pa makilomita 50 alionse pakhale makina otchajira mwamsanga osachepera awiri, kuti ena akafa ena agwire ntchito, ndiponso kuti akhale ndi mapulagi a mitundu yonse iwiri, CCS ndi CHAdeMO, kuopa kuti mlendo angafike pachitsime napeza chotungira chake sichilowa. M'mizinda, m'mene phindu lidali loonekeratu, bungweli lidasiyira amalonda. Ndalama za boma zidalondola kumene amalonda sakadapita okha, kufikira kumpoto kwenikweni, ku Finnmark.

Padatsala anthu a m'nyumba zosanjikizana, amene alibe bwalo, ndipo ndiwo ndimawamvera chisoni koposa, pakuti kawirikawiri sakhala olemera. Khonsolo ya Oslo idawakumbukira mu 2008 poyamba kuimika malo 400 otchajira m'mbali mwa misewu. Pambuyo pake Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lakuti wokhala m'nyumba zotere ali ndi ufulu woika chotchajira pamalo pake poimika galimoto, ndipo komiti yoyang'anira nyumbayo singamkanize popanda chifukwa chomveka.

Koma walira mvula walira matope. Pa Pasaka, pamene mabanja akhamukira ku tinyumba tawo ta kumapiri, mizere imatalika pa malo otchajira. Ndipo kwa zaka zambiri kampani iliyonse idali ndi pulogalamu yakeyake ya pafoni yolipirira, kotero kuti nkhalamba inkaima pachisanu, zala zitauma, ikulimbana ndi foni pamene magetsi ali pomwepo. Boma lidachedwa kuchiona chimenechi, ndipo mpaka mu 2023 ndi pamene lidalamula kuti makina atsopano otchajira mwamsanga azilandira khadi la kubanki.