Wosunga makiyi a msika wamakono

Chitsegulireni Manda Hill mumzinda wa Lusaka m'chaka cha 1999, nyumba zikuluzikulu zokhala ndi masitolo ambiri pansi pa denga limodzi zafalikira m'mizinda ya chigawo chino cha Africa. Ogula amangoona magalasi owala ndi katundu wodzaza m'mashelefu, koma ndi ochepa omwe amadziwa munthu amene amasankha oti achite malonda m'menemo. Munthuyo ndi manijala woona za lendi.

Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti palibe chipinda chokhala chopanda munthu, pakuti chipinda chotseka sichibweretsa ndalama, komanso chimathawitsa ogula. Amayamba wakopa golosale yaikulu, chifukwa ndiyo imaitana khamu la anthu. Kenako amasakaniza banki, sitolo ya mankhwala, malo odyera ndi ogulitsa zovala, kuti wobwera kudzagula buledi atuluke atagulanso nsapato.

Kamba koti golosaleyo ndiyo imabweretsa anthu, kawirikawiri imalipira lendi yotsika pa sikweya mita iliyonse kusiyana ndi wamalonda wamng'ono. Pamwamba pa lendi, wobwereka chipinda amalipira chikole polowa, ndiponso gawo lake la ndalama za alonda, magetsi ndi okonza pamalopo. Mapangano ambiri amati lendi izikwera chaka ndi chaka. Ngati yalembedwa m'madola, kugwa kwa ndalama ya dziko kumapweteka kwambiri. Mu November 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Alimi nawonso nkhaniyi ikuwakhudza. Kwa zaka zambiri magolosale akuluakulu ku South Africa ankasainitsa eni nyumba pangano loletsa kubwereketsa chipinda kwa wina wogulitsa zakudya zofanana ndi zawo. Motero wogulitsa nyama, buledi kapena ndiwo zamasamba ankabwezedwa pakhomo ngakhale chipinda chilipo. M'chaka cha 2019 kafukufuku wa bungwe la Competition Commission la dzikolo anapeza kuti mchitidwewu ukupondereza amalonda ang'onoang'ono, ndipo m'chaka cha 2020 Shoprite ndi Pick n Pay anavomera kuyamba kuuthetsa.

Choncho gulu la alimi lofuna kugulitsa uchi, mpunga kapena tomato pamalo otere likuyenera kufika kwa manijalayu litakonzeka. Iye amafuna kuona chiphaso cha gulu, mabuku a ndalama ndi umboni woti katundu sadzatha nyengo ya dzinja. Gululo nalo lifunse ngati pali pangano loletsa malonda ake, kuchuluka kwa zolipira zonse pamodzi, ndi chilango chotuluka nthawi isanakwane. Malo ambiri amabwereketsanso tebulo la m'khonde kwa masiku ochepa, ndipo iyi ndi njira yoyesera msika popanda kudzimanga kwa zaka zitatu.

Alangizi a zachitukuko angathandize powerenga panganolo mzere ndi mzere pamodzi ndi alimi cholembera chisanagunde pepala. Paja safunsa anadya phula.