Chimene chachititsa kuti maokala apose masitolo aakulu ku Harare

Madera a mu Harare momwe anthu amakhala mothithikana, monga Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, anamangidwa pa nthawi ya atsamunda kuti muzikhala anthu akuda ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu, ndipo ambiri mwa anthuwo anali ochokera ku Malawi, omwe zidzukulu zawo zimavinabe gule wamkulu kumeneko. Ntchito zolembedwa zitayamba kusowa, banja lomwe kale linkadikira malipiro a pakutha pa mwezi linayamba kudalira zimene lapeza tsiku lomwelo, kotero kuti kagulidwe kake nako kanasintha.

Wopeza ndalama pa tsiku sangagule thumba lonse la ufa kapena botolo lalikulu la mafuta ophikira, choncho amapita ku okala ya pafupi, yomwe kumeneko amaitcha tuckshop, n'kukagula tsaona, kutanthauza timapaketi ta ufa, shuga, mpunga kapena mafuta tomwe wogulitsa wapima yekha kuti tikwanire chakudya cha tsiku limodzi. Mwini okala amadziwa makasitomala ake ndi makolo awo omwe, amapereka katundu pa ngongole, ndipo amatseka usiku anthu onse ataweruka. Komabe ubwino umenewu uli ndi mtengo wake, pakuti shuga wogula pang'onopang'ono amadya ndalama zambiri kuposa paketi yathunthu, ndipo ndi wosauka amene amalipira kusiyanako.

Chimene chapatsa mphamvu kwambiri maokala ndi kusakhazikika kwa ndalama ya dziko la Zimbabwe. Mu 2008 mitengo inkakwera kangapo pa tsiku, mashelefu a m'masitolo anatsala opanda kanthu, ndipo mu 2009 boma linalola kuti anthu azigwiritsa ntchito dola ya ku America ndi ndalama zina zakunja. Kenako kunabwera ma bond note mu 2016, dola ya RTGS mu 2019, ndi ndalama ya ZiG mu Epulo 2024, yomwe banki yaikulu inaitsitsa mphamvu ndi maperesenti opitirira 40 mu Seputembala chaka chomwecho. Munthu amene ndalama zake za kubanki zinasanduka mapepala sachedwa kuphunzira kuti dola yogwira m'manja ndiyo yodalirika. Lamulo linkakakamiza masitolo aakulu kulandira ndalama ya m'dzikomo pa mlingo wosinthira womwe boma laika, ndipo pofuna kupewa kuluza ankakweza mitengo, pamene mwini okala ankangolandira madola okha, n'kukapikula katundu kwa makampani omwe nawonso ankafuna madola omwewo, kapena kwa amalonda odutsa pa chipata cha Beitbridge kuchokera ku South Africa, ena osalipira msonkho. Kumapeto kwa 2024 kampani ya masitolo ya Choppies ya ku Botswana inalengeza kuti ikuchoka m'dziko la Zimbabwe, ndipo mu 2025 kampani ina ya masitolo ya OK Zimbabwe inatseka nthambi zake zingapo.

Akuluakulu a boma akhala akuona malonda amenewa ngati chisokonezo choyenera kuchotsedwa. Mu Meyi 2005 anayamba kugwetsa misika, maokala ndi nyumba zomangidwa popanda chilolezo pa ntchito yomwe anaitcha Murambatsvina, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya bungwe la United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, pogwira ntchito kapena zonse ziwiri. Malondawo anabwerera chifukwa chimene chinawabala sichinachoke, koma amalondawo amagwirabe ntchito popanda chitetezo chenicheni, monga zinaonekera mu Okutobala 2024 pamene moto unapsereza gawo lalikulu la msika wa Mbare Musika pamodzi ndi mpamba wa anthu ochuluka, ngozi yomwe akalipentala a ku Glen View Area 8 akumana nayo mobwerezabwereza. N'zomveka kuti boma lifune msonkho kwa amalonda amenewa, koma n'kovuta kupempha msonkho kwa mayi wogulitsa tomato pa malo opanda denga, madzi kapena chimbudzi.